Nyongolotsi M'kamwa mwa Tisungane

Mu Dublin monse, kuchokera ku Ballymun mpaka kudoko, munalibe munthu wapakamwa ngati Tisungane Likongwe. Ankayankhula m'basi, ankayankhula pamzere wa m'shopu, ankayankhula ngakhale mswachi uli m'kamwa. Amalawi anzake ankati mvula ya ku Ireland imapumako, koma Tisungane ayi. Ndipo nkhani yake inali imodzimodzi: nyongolotsi.

Musaganize za nyongolotsi za kudimba zowedzera matemba. Izi zinali za pansi penipeni pa nyanja yamchere, makilomita atatu kutsika, kumene dzuwa silinafikeko chilengedwere dziko, kumene madzi amalemera moti galimoto ingapindike ngati chitini cha mkaka. M'matope ozizira a kumeneko mumakhala tinyongolotsi taubweya, tina ta mano, tina topanda maso. Ntchito ya Tisungane inali kutiika pa maikulosikopu, kuwerenga mfundo zake monga muwerengera mfundo za nzimbe, kuyang'ana ubweya wake umodziumodzi, kenako n'kunena kuti aka n'ka mtundu wakuti, ako n'ka mtundu wakuti.

"Ine ndinabadwira ku Ntchisi, kumene nyanja yathu yaikulu ndi chithaphwi cha pamjigo," ankatero akudziguguda pachifuwa. "Koma lero azungu a ku Norway akasokonezeka amaimbira ndani? Ine! Mwana wa Nachisale wogulitsa mandasi!"

Ndipo sankanama. Pitani ku Cape Town, pitani ku Bergen, kwerani sitima mukafike ku Lisbon, maso ngati a mnyamatayu simukawapeza. Ankachita maphunziro a udokotala wa za m'nyanja, uku akugwira ntchito mu labu ya kampani ina ku Santry, pafupi ndi bwalo la ndege. Kampaniyo inkayeza matope a pansi pa nyanja anthu asanayalepo zingwe ndi mapaipi awo.

Mu labu imeneyo munalinso Mmalawi wina, wamkulu, a Dunstan Makwinja. Iwowa anali atakhala ku Ireland zaka makumi awiri. Ndi amene anakamulandira Tisungane kubwalo la ndege atavala shati yokha m'mwezi wa Januwale. Anamuveka jekete lawo, anamugoneka pa sofa pawo miyezi iwiri, anamuphunzitsa kagwiridwe ka kachitsulo kopanira tinyongolotsi kuti tisaduke. Tisungane ankawatchula achimwene, ndipo ngakhale pakamwa pake panalibe chitseko, kwa iwowa ankatsitsako mawu.

Chaka chapitacho a Makwinja anakwera sitima ya kafukufuku n'kukakhala milungu isanu ndi umodzi kumadzulo kwa Ireland, akusefa matope mumphepo yozizira yong'amba zala. Anabwerako ndi timabotolo mazanamazana. M'kabotolo kalikonse munali nyongolotsi, sipiriti yoisunga kuti isawole, ndi kapepala kakang'ono kolembedwa ndi pensulo: tsiku, malo, kuya kwa madzi, dzina la mtundu, ndi dzina la wotola. Amalemba ndi pensulo chifukwa inki imasungunuka mu sipiriti. A Makwinja, monga amachitira akatswiri otopa, ankangoona mutu wa nyongolotsi n'kulemba dzina. Atatha anasaina lipoti lakuti kumaloko kulibe chamoyo chachilendo.

Tisungane ndiye ankabwereza timabotolo tija pa maphunziro ake. Atafika pa kamene kanachokera pa malo a nambala 14, anakhala chete kwa mphindi yathunthu, zomwe anzake anaziyesa matenda. Kanyongolotsi kake kanali kotalika ngati theka la mtengo wa machesi, kotuwa, kopanda maso, ka mfundo makumi anayi ndi zitatu. Mutu wake unalidi ngati wa mtundu wamba umene a Makwinja analemba. Koma pa mfundo yachisanu panali timbedza ta mano awiri, pamene mtundu wambawo uli ndi ta mano atatu. Anafufuza m'mabuku a Afalansa, a Ajeremani, a Ajapani. Kunalibe. Kanali kamtundu koti munthu aliyense padziko anali asanakatchulepo dzina, ndipo m'timabotolo tonse tija kanalimo kamodzi kokha.

Tsono ntchitoyi ili ndi malamulo ake. Mtundu watsopano sungalandire dzina pokhapokha nyongolotsi imodzi itasungidwa ku myuziyamu ngati mboni, kuti wokayika aliyense, kaya patapita zaka zana, adzaione yekha. Ndipo mboniyo imapita ndi kapepala kake koyamba. Kapepala koyamba sikatayidwa, ngakhale katalakwika. Amangolemba kena n'kukaika pambali pake. Popanda kanyongolotsiko, kapena popanda kapepalako, zaka zitatu za Tisungane zikanathera m'madzi.

Mkulu wa labu, Dokotala Eleanor, anavomera kuti Lolemba kapite ku myuziyamu. Choncho Loweruka masana Tisungane anabwera yekha kudzamaliza zojambula. Pageti anaima kaye kuti amutopetse Sam, mlonda wochokera ku Chipata, ku Zambia.

"Ba Professor, na pa Saturday?" anatero Sam. "Izo nyongolotsi zanu zilibe tchalitchi?"

"Iwe, Lolemba dzina la Likongwe likulowa m'mabuku a dziko lapansi. Ukadzafika ku Lusaka uzidzanena kuti unkanditsegulira geti."

"Ningakambe kuti munanigonthesa matu. Ngenani, mudala, ngenani."

Anakhuthulira kanyongolotsiko m'kambale kagalasi ka sipiriti, kapepala kake pambali m'kambale momwemo, n'kuyatsa nyale ya maikulosikopu. Ankajambula uku akukayankhula ngati mwana. Ndege zinkadutsa pamwamba, mawindo n'kumanjenjemera.

Chitseko chinatseguka cha m'ma thili koloko. Anali a Makwinja, jekete lonyowa ndi mvula, maso ofiira. Anakhoma chitseko n'kuika kiyi m'thumba.

"Achimwene! Mwabwera bwino. Bwerani muone timbedza tija, lero takhala ngati tikujambulitsa."

"Ndipatse kapepalako."

"Kapepala?"

"Usandipusitse, iwe. Kapepala kanga. Ulembe kena. Ndipo pa pepala limene ufalitse lolengeza za nyongolotsiyi, dzina loyamba likhale langa."

Tisungane anaseka, poganiza kuti ndi nthabwala. "Achimwene, lamuloli munandiphunzitsa ndinu. Munati wotaya kapepala koyamba ndi mfiti."

"Kwathu pa uzimba nyama ndi ya amene wayamba kulasa," anatero a Makwinja, mawu ali pansipansi. "Ndinasanza milungu sikisi pa sitima ija. Zala izi zinang'ambika. Iwe unali pano pa hita, ukudya mabisiketi. Lero ukufuna dzanja langa likakhale m'botolo zaka handiredi, aliyense wobwera aziti, taonani mbuli ina inalemba apa? Lolemba Eleanor akatsegula lipoti lija, ukuganiza kuti achotsa ndani ntchito?"

"Dzina lanu lilipo, achimwene. Wotola ndinu, palibe angafufute. Kulakwitsa aliyense amalakwitsa. Kungoti ena timawerenga ubweya, ena amangoona mutu basi."

Mawu omalizawo anatuluka okha, monga ankatulukira mawu onse a Tisungane. Anafuna kuwabweza, koma anali atafika kale.

"Ukakwera pamsana pa njovu," anatero a Makwinja, "umati kunja kulibe mame."

Khofi loyamba linamupeza pakhutu, pha! Mpando unatembenuka. Asanadzuke, a Makwinja anatambasulira dzanja ku kambale kaja. Tisungane anawagwira mkono, iwo anakoka, ndipo chigongono chawo chinasesa tebulo lonse. Maikulosikopu inagwa ngati mwala. Timabotolo makumi awiri tinaphulika pansi, phwaa! Kambale kaja kanauluka, kanagunda mwendo wa tebulo, kanasweka.

Onse awiri anaima kaye, akupuma. Pansi ponse panali magalasi, sipiriti, ndi nyongolotsi zamitundumitundu zitamwazikana ngati mpunga wotayika. Kenako a Makwinja anayamba kuponda. Ankaponda chilichonse chotuwa, nsapato zawo zachisanu zikukukuta magalasi.

"Ngati si yanga, si ya munthu! Ili kuti? Ili kuti?"

Tisungane anadziponya pansi chafufumimba. Magalasi anamulowa m'mawondo ndi m'zikhatho, koma sanawamve. Maso aja amene azungu a ku Norway ankawaimbira foni anagwira ntchito yawo. Kuseri kwa mwendo wa tebulo, pa kachidutswa ka kambale, kanyongolotsi kake kanali gone, kapepala katamatirira pambali pake. Sipiriti inali ikuuma kale. Iye ankadziwa bwino chimene chimachitika: kanthu kotere kakakhala pamphepo mphindi zochepa kamakwinyika ngati ulusi wopsa, ubweya n'kuthothoka, timbedza n'kusweka. Botolo lamoyo pafupi panalibe. M'thumba kakanauma. M'manja akanakalanda.

Anakatola ndi nsonga ya chala chonyowa ndi magazi, pamodzi ndi kapepalako, n'kuziika m'kamwa.

Sipiriti inamuotcha lilime ngati khala la moto. Ubweya wake unamuyabwa ngati chitedze. Anakakankhira ndi lilime m'tsaya lakumanzere, pakati pa tsaya ndi nkhama, n'kutseka milomo.

Nsapato inamupeza m'nthiti, khu! Anagubuduka.

"Watola chiyani? Ndakuona. Bweretsa!"

Tisungane anapukusa mutu.

"Yankhula!"

Zii.

Kwa a Makwinja, chipongwe choposa ichi sichinachitikepo. Mnyamata amene anawalongolozera zaka zitatu, amene ankayankha ngakhale mafunso osamufunsa, lero awayang'ane m'maso n'kukhala chete? Anamugwira pakolala, anamudzutsa, anamukankhira ku shelefu. Mabotolo aakulu a pamwamba anagwedezeka, limodzi linagwa n'kusweka, fungo la fomalini, mankhwala aja oumitsira zamoyo, linadzaza chipinda n'kuyamba kuwawa m'maso.

Anamupisa m'matumba onse, anataya foni, makiyi, khadi la basi. Anamung'amba shati. Tisungane anafumbata dzanja lamanja mwamphamvu, mwadala, kuti maso awo akhale pamenepo. A Makwinja anakodwa. Anamugwetsa chagada, anamukhalira pachifuwa, n'kuyamba kutambasula zala chimodzichimodzi. Anali munthu wa thupi, wokoka zingwe za pa sitima. Chala chaching'ono chinakana, chinakana, kenako thyo!

Kukuwa kunakwera kuchokera m'mimba, kunafika pakhosi, kunagunda mano, n'kubwerera. Kunangotuluka kubuula kwa m'mphuno ngati kwa ng'ombe. Sam anali pageti, mayadi makumi asanu okha. Mfuu umodzi wa Tisungane, mfuu umene unkamveka kuchokera kumbuyo kwa basi mpaka kwa dalaivala, ukanamubweretsa akuthamanga. Koma mfuu umafuna pakamwa potsegula.

Chala chachiwiri chinathyoka. Dzanja linatambasuka. Munalibe kanthu, magazi okhaokha ndi tizidutswa ta galasi.

"Mwana wa njoka!"

Chibakera chinatera pakamwa penipeni. Mano anagundana, ndipo pakati pa mano a m'mbali Tisungane anamva kanthu kofewa kakuduka. Magazi anadzaza m'kamwa, otentha, amchere, ndipo khosi linameza lokha asanaliletse. Anafufuza ndi lilime. Kapepala kanalipo. Kanyongolotsi kanalipo. Koma kathunthu kapena kachidutswa, lilime silikanadziwa.

Chibakera china chinamutsegula chikope. China chinamuphwanya mphuno. Malovu ndi magazi zinkachuluka m'kamwa, ndipo sakanalavula, sakanameza. Anangolola kuti zizitsika m'mbali mwa milomo, masaya ali tukumu.

Ndi masayawo amene anamuulula. A Makwinja anaima, chibakera chili m'mwamba. Kenako anaseka kuseka koipa.

"Ha! Wamisala iwe. Tsegula pakamwa."

Tisungane analuma mano.

"Ndati tsegula, mphwanga. Ndisakugulule mano."

Anamutsina mphuno yophwanyikayo n'kuitseka. Ululu unamuwalira m'maso ngati mphezi. Mpweya unatha. Tisungane anatsegula milomo yokha, mano ali chilumire, n'kukoka mpweya m'mipata ya mano, thovu lofiira likuwira. A Makwinja anapapasa pansi ndi dzanja lina n'kupeza kachitsulo kopanira kaja, kamene iwo omwe anamuphunzitsa kugwira. Anakalowetsa pakati pa mano a kutsogolo n'kuyamba kupotokola. Dzino linagwedezeka. Linathetheka.

Tisungane anakula akudziwa kuti dzanja la mwana silikwera pa wamkulu. Chiyambire ndewuyo anali asanabweze ngakhale kamodzi. Awa anali anthu amene anamuveka jekete. Koma chitsulo chinali chikulowa, ndipo kuseri kwa manowo kunali zaka zake zitatu, ndi mandasi onse amene Nachisale anakazinga kuti mwana apite kusukulu. Dzanja lake lamanzere linayenda pansi, linadutsa magalasi, linakhudza botolo lina lalikulu limene linagwa osasweka. Analigwira pakhosi. Analikweza ndi mphamvu zonse za ku Ntchisi.

Linasweka pamphumi pa a Makwinja, phwaa!

Munali fomalini. Anawatsikira kumaso pamodzi ndi magazi ndi chinyongolotsi chachitali ngati lamba chimene chinawakolekera pakhutu. A Makwinja anakuwa kukuwa kumene Tisungane anakumeza, anagwira kumaso ndi manja onse awiri, anagubuduka pamagalasi akuponya miyendo.

"Maso anga! Mayo, maso anga!"

Tisungane anadzuka mogwira tebulo. Chipinda chinkazungulira. Kiyi anali m'thumba la jekete lawo, ndipo anamutulutsa mosavuta. Anafika pachitseko, kenako anaima. Ankadziwa chimene fomalini amachita ndi diso la munthu. Anabwerera, anawagwira pakolala ndi dzanja lamoyolo, anawakwekwereza mpaka pakona pamene pali mpopi wotsukira maso pangozi, anauponda kuti utseguke, n'kuwakanikiza nkhope m'madzi. Iwo anamumenya chigongono m'nthiti zothyoka kale. Iye anawakanikizabe mpaka anagwira okha mpopiwo. Kenako anatuluka.

Panja mvula inali ikuwaza. Anayenda ngati woledzera pakati pa malo oimika magalimoto, shati ili lende, magazi ali chuchuchu. Sam anatuluka m'kanyumba kake, kapu ya tiyi ili m'manja, n'kuigwetsa.

"Ba Professor! Wakuchitani so ni ndani? Kambani!"

Tisungane analoza ku labu, anaonetsa zala ziwiri za dzanja lamanzere, n'kulozanso maso ake.

"Muli benangu mukati? Kambani, mudala! Imwe simukamba? Mulungu wanga, bamudula lulimi!"

Sam anaimba foni. Anauza a ambulansi kuti abwere awiri, ndipo anawonjeza kuti mmodzi mwa ovulalawo ali pafupi kufa, chifukwa munthu ameneyu chibadwire sanakhalepo chete.

Mu ambulansi anavutana naye. Mtsikana wa yunifolomu yobiriwira ankamupempha mwaulemu kuti atsegule pakamwa aone ngati njira ya mpweya ili bwino. Tisungane ankapukusa mutu. Anabweretsa kapaipi koyamwira magazi, iye anakakankha. Anafuna kumubaya jakisoni wa ululu, iye anabweza mkono, poopa kuti akagona ameza. Galimoto ikadumpha pa bampu nthiti zinkamubaya, khosi n'kumafuna kumeza lokha, iye n'kumaweramitsa mutu kuti zonse zitsikire kutsogolo. Lilime linali litachita dzanzi. Sankadziwanso ngati chimene akusunga m'tsayamo ndi nyongolotsi kapena nyama yake yomwe.

Kuchipatala cha ku Beaumont anamulowetsa pa bedi lamatayala. Nesi amene anakoka katani anali Aggie, mayi wa ku Mulanje amene ankaimba naye kwaya imodzi, amene tsiku lina anamuuza pamaso pa anthu kuti mkazi wodzakwatiwa ndi iye adzafunika kukhala gonthi.

"Bambo a nyongolotsi! Ndinu? Mwagundidwa ndi basi?"

Tisungane anachita chizindikiro cholemba. Aggie anamupatsa cholembera ndi chikuto cha faelo. Ndi dzanja lamanzere analemba zilembo zokhotakhota ngati za mwana wa sitandade wani: KABOTOLO. SIPIRITI. MSANGA.

"Sipiriti ya chiyani? Mabala titsuka ndife."

Anamenya chikutocho ndi cholembera, n'kuloza tsaya lake. Misozi inali ikutsika, kusakanikirana ndi magazi. Aggie anamuyang'ana, anayang'ana tsaya lotukumukalo, ndipo pokhala munthu amene anamvapo nkhani ya nambala 14 kasanu konse pambuyo pa mapemphero, anagwira pakamwa pake.

"Musandiuze. Achimwene, musandiuze kuti muli nayo m'kamwa."

Anagwedeza mutu.

"Ambuye Yesu. Dikirani."

Anabwera ndi kabotolo ka chivindikiro chachikasu, kaja amapatsa odwala kuti aikemo mkodzo, atathiramo sipiriti yoyera. Dokotala wachinyamata wachizungu anaima pambali, manja ali m'chiuno, osamvetsa. Tisungane anaweramira pa kambale kachitsulo, anatsegula pakamwa pang'onopang'ono, nsagwada zikulira. Munatuluka magazi, malovu, theka la dzino, kapepala kofiira, ndipo pamapeto pake kanthu kotuwa kopindika ngati chikhadabo chowengedwa.

"Musakagwire ndi zala!" Awa ndiwo anali mawu ake oyamba, olobodoka, otuluka pa mpata wa dzino. "Kachitsulo. Pang'onopang'ono, chemwali. Gwirani pakati, osati kumutu. Mukatsuke kaye m'madzi a mchere. Eya. Tsopano mu sipiriti. Kapepalanso. Ayi, musakapukute!"

"Wabwerera," anatero Aggie kwa dokotala uja m'Chingerezi. "Tinapuma mphindi fote zokha."

Kanyongolotsi kanamira pang'onopang'ono mpaka pansi pa kabotolo. Kapepala kanatsatira, magazi akusungunuka n'kukasiya koyera. Zolemba za pensulo zinali zonse, osafufutika ngakhale chilembo chimodzi.

"Foni yanu ili ndi kamera yabwino?" anafunsa Tisungane.

"Muli ndi zala ziwiri zothyoka, mphuno yaphwanyika, ndipo mwina nthiti."

"Zimenezo zidikira. Kokerani pafupi. Walitsani tochi."

Aggie anagwira foni, iye anatsinzina diso lotupalo n'kuwerenga ndi linalo. Mutu unalipo. Anawerenga mfundo motsitsa mawu, dokotala akudikira ndi singano. Anafika makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, ndipo pamenepo kanyongolotsi kanathera mwadzidzidzi, modukiratu ngati chingwe chodulidwa ndi lumo.

"Foro palibe," anatero. "Mchira wonse."

"Uli kuti?"

Tisungane analoza pamimba pake.

Aggie anaseka mpaka anakhala pampando. Koma Tisungane sanaseke. Foni siikanatha kuona timbedza ta pa mfundo yachisanu, ndipo popanda timeneto, chimene chinali m'kabotolo ka mkodzomo chinali nyongolotsi wamba yolumidwa ndi munthu. Anakana kupita kukajambulidwa mafupa mpaka Aggie anaimbira Dokotala Eleanor, amene anafika tsitsi lili nyankhalala, atamva kale kwa apolisi za labu yake. Mayiyo anatenga kabotoloko ndi manja awiri, anayang'ana nkhope ya Tisungane, n'kutuluka nako.

Anamusoka chikope. Anamuwongola zala. Wapolisi anabwera ndi kabuku kake, ndipo Tisungane, amene akanatha kumufotokozera mpaka cholembera kutha inki, anangoyankha zimene anafunsidwa. Kenako Tisungane anafunsa Aggie za a Makwinja. Aggie anati ali m'chipinda china, wapolisi wina ali pakhomo. Diso limodzi lipulumuka chifukwa cha madzi aja, linalo madokotala sakulonjeza. Tisungane anatembenukira kukhoma. Jekete limene anamuveka kubwalo la ndege lija linali likadali m'kabati mwake ku Ballymun.

Dzuwa lisanalowe foni ya Aggie inalira. Unali uthenga wa Eleanor, chithunzi chojambulidwa pa maikulosikopu ya mnzake wa ku yunivesite. Pa mfundo yachisanu, mbali yakumanja inali yophwanyika, ubweya utathothoka. Koma kumanzere timbedza titatu tinali chiimire, kalikonse ndi mano ake awiri, akuthwa ngati tsiku limene tinatuluka m'matope.

Tisungane anayang'ana chithunzicho. Kenako anakweza dzanja lomangidwa mabandejilo.

"Chemwali, itanani manesi onse. Itanani ndi dokotala uja. Auzeni kuti pa bedi ili pagona munthu amene anasunga mtundu wathunthu wa chamoyo m'tsaya, akumenyedwa ndi munthu wa makilo handiredi. Ku Norway alipo wotere? Ku Japan alipo?"

"Khalani chete, mukutsegula masitichi."

Kanyongolotsi kanapita ku myuziyamu patatha milungu iwiri. M'pepala lofalitsa, pofotokoza za mboniyo, Tisungane analemba mwachidule monga mwa mwambo wa ntchitoyi: mfundo makumi atatu ndi zisanu ndi zinayi, mchira palibe, mbali yakumanja yowonongeka. Sanafotokoze chimene chinaiwononga. Mtundu watsopanowo anautcha dzina la mayi ake, Nachisale. M'kabotolo katsopano anaikamo timapepala tiwiri. Kena kanali ka dzanja lake, kolembedwa mokhota chifukwa zala zinali zisanapole. Kanzake kanali koyamba kaja, kokhala ndi kachizindikiro ka dzino pakona: tsiku, malo a nambala 14, kuya kwa madzi, dzina lolakwika lija, ndipo pansi pake, mwa pensulo yosindikizidwa bwino ndi munthu amene ankalemba sitima ikugwedezeka, D. Makwinja.

Woyang'anira zosungidwa anafunsa ngati kapepala kakaleko n'kofunikadi kukhalamo, poona mmene kanatafunikira.

"Kasiyeni momwemo," anatero Tisungane. "Ndi amene anayamba kulasa."